Chaka cha timu ya mpira wa pamchenga ku Mangochi

Mpira wa pamchenga umaseweredwa ndi anthu asanu mbali iliyonse, goloboyi ali momwemo, ndipo onse amalowa m'bwalo opanda nsapato. M'midzi ya m'mbali mwa nyanja m'boma la Mangochi, kuyambira ku Chembe ndi ku Msaka, kutsika ndi Monkey Bay, Nkope ndi Makawa, mpaka kutsidya ku Malindi ndi ku Makanjira, anyamata akhala akumenya chikopa pamchenga kuyambira kale, malamulo a masewerowa asanafike n'komwe. Lero ena mwa iwo ali m'matimu okhala ndi dzina, kochi ndi komiti. Malipiro a pamwezi palibe. Ambiri ndi alovi, ena ndi a kabaza, ogulitsa nsomba, operekeza alendo kapena ophunzira a ku sekondale. N'chifukwa chake chaka cha timu yotere chimalamulidwa ndi madzi a m'nyanja, mwezi wa kumwamba, mphepo ndi zomwe zili m'thumba, ndipo ndandanda wa masewero umangotsatira pambuyo. Chaka cha 2024 chinaonetsa zimenezi poyera.

Masewerowa anakulira ku Brazil, makamaka pagombe la Copacabana mumzinda wa Rio de Janeiro. Malamulo ake analembedwa mu 1992, ndipo bungwe la FIFA linayamba kuyendetsa chikho chake cha dziko lonse mu 2005. Bwalo lake ndi laling'ono: mamita 35 mpaka 37 m'litali, 26 mpaka 28 m'lifupi, pomwe golo ndi lotambalala mamita 5.5 ndi lotalika mamita 2.2. Masewero amagawidwa m'zigawo zitatu za mphindi 12 chilichonse, ndipo kochi amatha kusintha osewera kangati konse, zomwe n'zofunika chifukwa kuthamanga pamchenga wofewa kumamaliza mpweya msanga. Kulibe ofusayidi. Wina akachitidwa chipongwe, amamenya yekha mpira wachilango, ndipo adani saloledwa kuima mpanda kutsogolo kwake. Kufanana mphamvu kulibenso: zigoli zikafanana amawonjezera mphindi zitatu, zikakanikabe amapita ku mapenate. Wopambana m'nthawi yake amatenga mapointi atatu, wopambana m'nthawi yowonjezera awiri, wopambana pa mapenate imodzi. Popeza mpira sugudubuzika bwino pamchenga, wosewera waluso amaunyamula ndi zala zakuphazi n'kuumenya uli m'malere, ndipo zigoli zambiri zokoma zimachokera pa kudzigwetsa chagada n'kuumenya modutsitsa pamutu.

Chinthu choyamba chomwe timu imafuna chaka chikamayamba ndi bwalo, ndipo bwalo limenelo ndi lobwereka kwa nyanja. Madzi a nyanja ya Malawi amakwera ndi kutsika chaka chilichonse. Amayamba kukwera mvula ikakhazikika, amafika pachimake cha m'ma Epulo ndi Meyi, kenako amaphwera pang'onopang'ono mpaka cha m'ma Novembala ndi Disembala. Pagombe lathyathyathya monga ambiri a ku Mangochi, kukwera kwa mita imodzi yokha kumameza mchenga wotalika ndithu. Mu 2024, patangopita chaka chimodzi chichitikire namondwe wa Freddy wa mu Malichi 2023, madzi anapitirira mamita 476 kuchokera pa mlingo wa nyanja yamchere, kutalika komwe kunakumbutsa akuluakulu za kusefukira kwa cha m'ma 1980. Madzi analowa m'malo ogona alendo ndi m'nyumba za anthu, ndipo maso a ambiri anali pa zitseko za Kamuzu Barrage ku Liwonde, zomwe zimawongolera madzi otuluka kudzera mumtsinje wa Shire. Nkhani m'manyuzi inali ya mahotela omira. Za mchenga womwe anyamata amasewerapo sizinamveke kwenikweni, chikhalirecho iwo unamira limodzi ndi mahotelawo. Pomwe mchenga watsala wochepa, timu imalimbirana malo ndi mabwato okokeredwa kumtunda, maukonde oyanikidwa ndi mathandala a usipa, ndipo pa mkangano wotere mpira ndiwo umagonja, poti nsomba ndiye chakudya. Zotsatira zake, osewera amakachitira zokonzekera pabwalo louma la sukulu, pomwe mpira umadumpha mosiyana kotheratu ndi pamchenga, ndipo miyendo imazolowera zina.

Vuto lotere lilinso kutali kwambiri ndi kuno. Ku Scotland kuli masewero a curling, omwe anthu anayi mbali iliyonse amatsetseretsa miyala yolemera pafupifupi makilogalamu 20 pamadzi oundana, anzawo akusesa patsogolo pa mwalawo kuti upite patali. Mpikisano wawo waukulu wa panja, wotchedwa Grand Match, umachitika pokhapokha nyanja ikaundana mokwanira kunyamula khamu la anthu, ndipo unachitika komaliza mu 1979 pa Lake of Menteith. Anthu a kumeneko anathana nalo vutoli pomanga nyumba zoundanitsira madzi. Timu ya ku Mangochi ilibe pothawira potero, imangodikira madzi aphwe.

Kalendala ya chipembedzo nayo ili ndi mawu. Anthu ambiri a m'bomali ndi Asilamu, ndipo mu 2024 mwezi wa Ramadan unagwa kuyambira m'katikati mwa Malichi mpaka kumayambiriro a Epulo. Munthu amene sanadye kapena kumwa madzi kuyambira m'bandakucha sangathamange zigawo zitatu pamchenga, motero matimu ambiri amachepetsa zokonzekera kapena kuziimika mpaka Idi itadutsa. Lachisanu masana ndi la kumzikiti, Lamulungu m'mawa ndi la kutchalitchi kwa osewera achikhristu, ndipo komiti yanzeru imaika masewero poganizira onsewa.

Kuyambira Meyi mpaka Ogasiti kumabwera mwera, mphepo ya kummwera yomwe imautsa mafunde ndi kuziziritsa mchenga. Kwa wosewera iyi ndi nyengo yabwino kuposa zonse. Mapazi sapsa, ndipo nyanja ikakalipa mabwato amagona kumtunda, alovi onse n'kupezeka pa zokonzekera. Koma tsiku lomwe bwato silinalowe m'madzi ndi tsiku lopanda ndalama, ndiye chopereka cha timu chimavutanso. Nyanja ikadekha zinthu zimatembenuka. Usipa umaphedwa usiku ndi chilimira, siginala ali m'bwato lake laling'ono kukopa nsomba ndi nyali, ndipo ntchitoyi imayenda bwino kukakhala mdima. Mwezi ukamawala nsomba sizitsata nyali, alovi amapuma, ndipo m'masiku amenewo m'pomwe timu imakhala yathunthu. M'masiku a mdima wosewera amafika pabwalo atakoka khoka usiku wonse, maso ali psuu, ndipo kochi amayenera kusankha pakati pa katswiri wotopa ndi mnyamata wongoyamba kumene koma wogona bwino. Makochi ena amaumirira katswiriyo chifukwa cha dzina lake, ndipo kawirikawiri chigawo chachitatu chimawatsutsa. Asodzi amasamukanso kutsatira nsomba, moti womwetsa zigoli wa timu ya ku Msaka atha kukhala milungu ingapo ali kugombe lina lakutali.

Nkhani ya ndalama ndi yosavuta kuifotokoza ngakhale ili yowawa. Timu imafuna mpira, yunifolomu, ndalama yolembetsera mpikisano, kangachepe ka oimbira masewero, ndipo koposa zonse thiransipoti. Mu Novembala 2023 ndalama ya kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 44 peresenti, ndipo chakumapeto kwa 2024 mafuta agalimoto anasowa m'dziko muno, mizere ya pamalo omwetsera mafuta n'kumagona pomwepo. Mtengo wa matola ndi minibasi unakwera. Boma la Mangochi ndi lalikulu, ndipo timu ya kutsidya la kuvuma yofuna kukasewera ku Monkey Bay imayenera kuzungulira kudzera pa mlatho wa Bakili Muluzi pa boma, kapena kulipira boti ya injini yomwe nayo imamwa petulo yemweyo. Ndalama zimachokera m'matumba a osewera, kwa mwini zida za usodzi amene amakonda mpira, kwa mwini golosale kapena malo ogona alendo, ndi kwa achibale omwe ali ku Joni. Timu yolephera kufika pabwalo imaluza mapointi osamenya mpira n'kamodzi komwe, ndipo kuluza kotere kumapweteka osewera kuposa kugonja ndi zigoli zambiri, chifukwa palibe chomwe aphunzirapo.

Joni yemweyo amapatsa ndi dzanja lina n'kulanda ndi linzake. Mangochi ndi limodzi mwa maboma omwe achinyamata ake ambiri amapita ku South Africa kukafuna ntchito. Mnyamata amene timu yamuphunzitsa kwa zaka ziwiri atha kukwera basi pakati pa mpikisano, ndipo palibe amene angamudzudzule poona kuti mpirawo sumudyetsa. Pakapita miyezi amatumiza yunifolomu kapena mpira watsopano, koma malo ake m'bwalo amakhala atatsala opanda munthu.

Mu Ogasiti ndi Seputembala, sukulu zikatsekera, masabata ena amatengedwa ndi zinamwali, poti tsiku lotuluka anyamata ku jando mudzi wonse umakhala kumeneko. Kenako kumabwera dzuwa la Okutobala. Kutentha ku Mangochi kumapitirira madigiri 35 masiku ambiri, ndipo masana mchenga umawotcha moti munthu sangaimepo wopanda nsapato. Malamulo amangolola kumanga nsalu yothina pa akakolo ndi kuphazi. Masewero amayamba m'mawa kwambiri kapena dzuwa litapendeka, ndipo pena ochemerera amatunga madzi m'nyanja ndi ndowa kuthira pabwalo. Ubwino wake ndi woti nthawi imeneyi nyanja imakhala itabwerera m'mbuyo, bwalo lakula, ndipo masewero omwe analephereka kumayambiriro a chaka amapanikizidwa m'masabata ochepa amenewa.

Mwezi womwewo wa Okutobala ndi umene umapatsa osewerawa chifukwa chopiririra. Mu Okutobala 2022 timu ya dziko lino ya mpira wa pamchenga inasewera koyamba mu mpikisano wa matimu a mu Africa ku Vilankulo m'dziko la Mozambique, ndipo mu Okutobala 2024 inapitanso ku Hurghada m'dziko la Egypt. Maulendo onse awiri chikho chinapita ku Senegal. Mu 2024 Senegal inagonjetsa Mauritania mu ndime yomaliza, ndipo maiko awiriwa ndiwo anakaimira Africa limodzi ndi eni bwalo pa chikho cha dziko lonse cha 2025 ku Seychelles, choyamba kuchitikira mu Africa. Ambiri mwa osewera a timu ya Malawi amachokera m'maboma a m'mbali mwa nyanja, m'matimu osalipidwa onga omwe afotokozedwa pano. Dziko lopanda gombe la nyanja yamchere kufika kawiri motsatizana pakati pa matimu ochepa opambana mu Africa si chinthu chaching'ono, ndipo n'zomvetsa chisoni kuti matimu omwe amaphika osewerawa amasowa ngakhale mpira woyenera masewerowa, womwe ndi wofewerapo kuti usapweteke phazi lopanda nsapato.

Novembala ndi Disembala ndi miyezi yomwe boma limatseka usodzi wa makoka ena pofuna kupatsa chambo mpata woswana. Alovi ambiri amakhala kumtunda, choncho ndime zomaliza za mipikisano ndi mabonanza zimadzaza anthu, ngakhale matumba ali opepuka. Chisankho chikamayandikira, monga zinalili pokonzekera cha mu Seputembala 2025, zikho za andale zimachuluka, zambiri za mpira wa pabwalo louma ndi wa ntchemberembaye, ndipo osewera omwewo amathamangira kumeneko kusaka mphoto. Zikho zotere zimabweretsa ndalama ya tsiku limodzi, koma zambiri zimazimirira mavoti akangowerengedwa, pomwe timu imafuna mpikisano wobwera chaka ndi chaka.

Mvula yoyamba ikagwa, manja amapita kumunda ndipo komiti imaitanitsa msonkhano wotseka chaka. Msungichuma amawerenga zomwe zinalowa ndi zomwe zinatuluka, ngongole ya mwini galimoto imatchulidwa, ndipo ngati panapezeka mphoto amakambirana zoigawana kapena kusungako ina yogulira mpira. Apa m'pomwe matimu ena amapasukira, makamaka ngati ndalama sizinalembedwe m'kope. Mlembi amatchula masewero omwe timu inapambana, omwe inagonja ndi omwe sinafike n'komwe pabwalo, ndipo kochi amanena za osewera omwe achoka ndi ana a m'mudzi omwe akuyenera kukwezedwa kulowa m'malo mwawo. Yunifolomu imasonkhanitsidwa, kuwerengedwa, kuchapidwa n'kusungidwa kunyumba kwa wapampando, ndipo mitengo ya magolo imazulidwa kupita nayo kumtunda madzi asanayambe kukwera.