Galimoto Ikamatsokomola: Ndi Njala Kapena Moto?

Amayi anzanga, ambiri a ife timati injini ya galimoto ndi nkhani ya abambo. Koma galimotoyo ikafera panjira, zinanazi zimene zikupsa ndi dzuwa kumbuyoko ndi zathu, ndipo ndalama yolipira makaniko imamasulidwa pa mfundo ya chitenje chathu. Motero lero tiyeni tikambirane za matenda awiri amene amagwira galimoto zakale za petulo, zija zokhala ndi kabuleta, pakuti ndi zomwezo zimene zimatinyamulira katundu kuno kumudzi.

Gulu lathu la amayi kuno ku Likhubula, m'tsinde mwa phiri la Mulanje, limabwereka pikapu ya mlamu wanga, ya mtundu wa Nissan 1400. Galimoto zimenezi ankazipanga ku South Africa ndipo analeka mu 2008, kotero kuti ngakhale imene ikuoneka yosalala ndi nkhalamba ndithu. Kumapeto kwa 2022, pamene petulo anasowa m'dziko muno, tinagula wa m'zigubu kwa anyamata a m'mbali mwa msewu, n'kupakira zinanazi zathu, ulendo wa ku msika wa Limbe. Tinanyamuka tambala woyamba atalira. Pa Chitakale tinadutsa bwino, pa Luchenza chimodzimodzi. Titayamba chikweza cholowera ku Thyolo, galimoto inayamba kufooka, kenaka kudumphadumpha, mpaka inazima. Titadikira pang'ono inaliranso ngati palibe chachitika, koma sitinapite patali, inazimanso. Inatero katatu.

Anyamata amene anatizungulira anagamula msanga kuti kabuleta yafa, tikagule ina. Mtengo umene anatchula unali wodya phindu la katundu yense. Mwayi wathu, panafika bambo wina wachikulire amene anati anagwira ntchito ya umakaniko ku esiteti ya tiyi zaka zambiri. Iyeyu sanathamangire sipanala. Anayamba ndi mafunso, monga achitira anamwino ku sikelo.

"Mayi, kodi ikangoima chabe imalira bwino?"

"Imalira bwino, bambo."

"Nanga ikamafa, imafooka pang'onopang'ono, kapena imangoti zii nthawi imodzi?"

"Imafooka kaye."

"Basi, iyi ndi njala. Moto wake uli bwino."

Zimene anatifotokozera ndi izi. Injini imafuna zinthu zitatu: petulo, mpweya ndi moto. Kabuleta ndi pamene petulo amasakanikirana ndi mpweya, ndipo m'kati mwake muli kambale kosunga petulo pang'ono, kamene pampu imadzaza kuchokera ku thanki. Pa msewu wosalala injini imadya pang'ono, kambaleko sikaphwa. Pa chikweza, ndi katundu wolemera, imadya kwambiri. Tsono ngati njira ya petulo yatsekeka penapake, kambale kamatha msanga kuposa m'mene kakudzadzira. Ndinakumbukira chitsime cha mu Okutobala: mukatunga mofulumira chimaphwa, mukakhala pansi n'kudikira madzi amabweranso. Chitsime chotere simuchikwirira, mumafukula pamene patsekeka.

Bamboyo anayesa zinthu zosalira ndalama poyamba. Anakoka choki injini ikufooka, ndipo inatsitsimuka kanthawi. Choki imachepetsa mpweya wolowa, motero ikathandiza injini yotentha kale, dziwani kuti petulo ndiye akuperewera. Anatsegula chitsekero cha thanki akutchera khutu. Chitsekerochi chili ndi kabowo kopumira, ndipo kakatsekeka ndi fumbi thanki imabanika, petulo satsika; mukatsegula mumamva mpweya ukulowa kuti fyuu. Chathu chinali bwino. Pamenepo anazula paipi yolowa mu kabuleta, n'kuilozetsa m'botolo loyera, nauza dalaivala kuti apukuse injini. Pampu yabwino imalavula petulo mwamphamvu, koma yathu inkangodontheza. Ataika botolo lija pansi kuti likhazikike, tonse tinaona ndi maso athu: madzi pansi, okwana chala chimodzi chopingasa, petulo pamwamba, ndi tinyenyeswa tofiira ta dzimbiri. Sefa ya petulo inali yodzaza ndi matope okhaokha.

Apa ndikuchenjezeni. Poyesa zimenezi injini ikhale yozizirako, waya wochokera ku koyilo auchotse bwino kuti pasathetheke moto, ndipo wosuta fodya aime kutali. Mwambo uja wokoka petulo ndi pakamwa muuletse ngakhale ali mwamuna wanu, chifukwa petulo akalowa m'mapapo amapha.

Madzi aja mwina anadza ndi zigubu, koma si njira yokhayo. Kuyambira 1982, pamene fakitale ya ku Dwangwa inayamba kutcheza ethanol kuchokera ku zotsalira za nzimbe, petulo wa m'dziko muno wakhala akusakanizidwa naye, ndipo mu 2004 inatsegulidwanso fakitale ina ku Chikwawa. Ethanol ameneyu ndi mbale wake wa kachasu, ndipo amakoka chinyontho. Tsono kuno kwathu mvula ndi nkhungu sizisowa. Galimoto ikamagona masabata thanki ili pafupifupi yopanda kanthu, m'kati mumachita thukuta, chitsulo chimachita dzimbiri, ndiponso mapaipi akale a labala amafewa n'kumanyenyeka. Tinakhuthula thanki, tinagula sefa pa mtengo wosafika wa nkhuku imodzi, ulendo n'kupitirira. Ku Limbe tinafika dzuwa litapendeka, ogula enieni atapita, ndipo zinanazi tinagulitsa motaya. Komabe kabuleta ija ilipo mpaka lero.

Asanatisiye, bambo uja anatiphunzitsanso za matenda achiwiri, a moto. Pa injini imeneyi pali mapulagi 4, ndipo iliyonse imathetheka pa nthawi yake, motsatana 1, 3, 4, 2. Imodzi ikaphonya, injini imatsimphina ngati munthu wolasidwa ndi minga: imanjenjemera ngakhale ili chiimire, ndipo phokoso lake limadukiza mofanana nthawi zonse. Nthenda imeneyi sidikira chikweza. Imakonda m'mawa ndi nyengo yonyowa.

Sindinadziwe kuti phunziroli lidzafunika msanga. Mu Juni wotsatira, chiperoni chitakuta phiri masiku atatu osaona nsonga ya Chambe, mwana wa mnzathu wa m'gulu matenda ake a uchembere anayamba m'bandakucha. Galimoto inalira movutikira, ikugwedezeka thupi lonse, yopanda mphamvu yoti n'kuchoka pabwalo. Dalaivala, pokumbukira za ku Thyolo, anatenga kale sikuludiraiva kuti ayambe kupotokola kabuleta.

"Achimwene, taimani kaye," ndinatero. "Kodi yafookera pa chikweza, kapena ikunjenjemera ili pompano?"

Anandiyang'ana ngati ndamutukwana, koma anazimitsa injini n'kutsegula chivundikiro cha disitiribyuta, kumene mawaya a mapulagi amakumana. M'kati munali mikanda ya madzi ngati pansi pa chivundikiro cha mphika. Ndinapukuta ndi nsonga youma ya chitenje changa, mawaya onse tinawapukutanso, ndipo umodzi tinaupeza wong'aluka, tinaukulunga ndi tepi. Italiranso inalira mosalala. Mwana anabadwira kuchipatala, osati pamsewu.

Pulagi imanena zambiri mukaimasula. Yathanzi nsonga yake imakhala yofiirira ngati tiyi wothira mkaka. Yoyera mbee ikunena za njala ya petulo. Yakuda ndi mwaye wouma ikunena kuti petulo wachuluka, mwina sefa ya mpweya yatsekeka ndi fumbi kapena choki yakanirira. Yonyowa ndi kununkha petulo ndiye kuti moto sukufikapo. Usiku mukatsegula boneti injini ikulira, waya wowonongeka amaonetsa timoto tobiriwira todumphira ku chitsulo. Muone ndi maso okha, osagwira, chifukwa amamenya koopsa. Pali kamodzi kamene kamanyenga ngakhale akatswiri: koyilo yokalamba imaleka ntchito ikatentha n'kuyambanso ikazizira, kotero imaoneka ngati njala. Kusiyana kwake n'kwakuti choki siithandiza, ndipo kawirikawiri imadula mwadzidzidzi.

Musaganize kuti izi ndi za mapikapu a anthu osauka okha. Galimoto zothamanga za anthu a ndalama, monga MGB ya ku England imene inkapangidwa kuyambira 1962 mpaka 1980, zimadwala matenda omwewa, kungoti zambiri zili ndi makabuleta awiri, motero wopotokola mosadziwa amasokoneza pawiri. Njinga zamoto zambiri za kabaza zimene ana athu akuyendetsa zilinso ndi kabuleta, kambale ndi pulagi.

Pa msonkhano wotsatira gulu lathu linagwirizana zopatula ndalama pang'ono m'thumba. Tsopano kuseri kwa mpando wa pikapu ija kumakhala chitini chokhala ndi sefa yatsopano, pulagi imodzi, tepi, botolo loyera ndi kansalu kouma. Petulo wa m'chigubu, tikakakamizika kugula, timayamba tamuthira m'botolo n'kumudikira akhazikike, wogulitsayo ali chiimire pomwepo.