Boma, Galamala ndi Chiyankhulo cha Fuko: Phunziro Lochokera ku Mexico

Pa 6 Julayi 1958, anthu miyandamiyanda anasonkhana pa bwalo la ndege la Chileka kudzalandira Dr Hastings Kamuzu Banda, amene anali atakhala kunja zaka pafupifupi 40. Pa misonkhano yake iye ankayankhula Chingerezi, wina n'kumamasulira. Komabe munthu yemweyu, ali pasukulu ku Chicago, ndiye anathandiza Mark Hanna Watkins kulemba buku la galamala wa Chichewa limene linatuluka mu 1937.

Patapita zaka khumi chifikireni pa Chileka, msonkhano waukulu wa Malawi Congress Party umene unachitikira ku Lilongwe mu 1968 unagamula kuti Chinyanja chizitchedwa Chichewa ndipo chikhale chiyankhulo cha fuko lonse. Cholinga chinali chakuti mitundu yambiri ya m'dziko muno imangidwe ndi chingwe chimodzi. Chitumbuka chinachotsedwa pa wailesi. Mu 1972 boma linakhazikitsa Chichewa Board, imene inatulutsa malamulo a kalembedwe mu 1973 ndi kuwakonzanso mu 1980 ndi mu 1990.

Anthu a ku Chileka ndi ku Lirangwe anakhudzidwa mwanjira yawoyawo. Kale mabuku ankatsata kayankhulidwe ka chigawo chawo chomwechi, pakuti David Clement Scott anasonkhanitsa mawu a Chimang'anja pa mishoni ya Blantyre ndi kuwasindikiza mu 1892, ndipo Alexander Hetherwick analemba galamala wake mu 1901. Tsopano muyeso unayamba kuchokera m'chigawo chapakati. Gogo wozolowera kulemba "cinthu" ndi "bvuto" anaona mdzukulu wake akulemba "chinthu" ndi "vuto", ndipo mwana woyankhula Chiyao kapena Chilomwe pakhomo ankasiya chiyankhulo chakecho pa khomo la kalasi.

Zotere sizinayambire kuno ayi. Mayi wogulitsa tomato pa msika wa Lirangwe amatchula tsiku ndi tsiku dzina lochokera kutali, pakuti gwero lake ndi "tomatl", mawu a chiyankhulo cha Nahuatl cha ku Mexico. Ichi chinali chiyankhulo cha ufumu wa Aaztec, umene likulu lake, Tenochtitlan, linagonja kwa Asipanya mu 1521. Olamulira atsopanowo anapeza dziko la ziyankhulo zambirimbiri, koma anaona kuti Nahuatl chinkamveka m'madera ochuluka. Choncho ansembe anayamba kuchiphunzira mwakhama. Andrés de Olmos anamaliza galamala wake mu 1547, Alonso de Molina anasindikiza mtanthauziramawu mu 1555, ndipo mu 1570 Mfumu Philip II inalamula kuti Nahuatl chikhale chiyankhulo cha eni nthaka onse a m'dzikomo.

Akuluakulu anati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mmalawi wophunzira galamala wa Nahuatl wa masiku amenewo amadabwa kuona chiyankhulo chake chomwe ngati pagalasi. Mawu amodzi akuti "nimitzitta" ndi chiganizo chathunthu: "ni" ndi mwini ntchito, "mitz" ndi wochitiridwa, "itta" ndi mneni wa kuona. Ndi mmene alili mawu akuti "ndikukuona", momwe "ndi" ndi woonayo, "ku" wachiwiri ndi woonedwayo. Monga "kudya" amasanduka "kudyetsa" ndipo "kuphika" amasanduka "kuphikira", aneni a Nahuatl amalandira "tia" posonyeza kuchititsa ndi "lia" posonyeza kuchitira wina. Ngakhale ulemu uli ndi malo ake m'galamala: Mchewa amati "aphiri" kapena "bwerani" kwa munthu mmodzi wamkulu, pamene wa Nahuatl amaphatika "tzin" kumapeto kwa dzina. Ziyankhulo ziwirizi si zapachibale, koma kamangidwe kake kakufanana kotero kuti mwana wa ku Lirangwe angamve msanga zimene zinkazunguza mitu ya ansembe ozolowera Latin.

Olmos mwini anavomereza kuti dongosolo la Latin silingatsatidwe m'zonse pofotokoza chiyankhulo chimenechi. Amene anatchera khutu koposa onse ndi Horacio Carochi, yemwe galamala wake anatuluka mu 1645. Iye anaika zizindikiro zosonyeza pamene liwu limakokedwa, chifukwa mneni "toca" akakokedwa amatanthauza kubzala kapena kukwirira, koma akatchulidwa mwachidule amatanthauza kutsata. Chichewa nachonso chili ndi zake zimene cholembera chimaziphonya: "mtengo" wa m'nkhalango ndi "mtengo" wa pamsika amalembedwa chimodzimodzi, koma khutu la mwini chiyankhulo limawasiyanitsa ndi kukwera ndi kutsika kwa liwu. Apa pakuoneka poyera kuti malamulo a chiyankhulo amakhala kale m'kamwa mwa anthu; wolemba galamala amangowatola ndi kuwaika m'mizere.

Chiyanjo cha mafumu sichinakhalitse. Mu 1770 Mfumu Charles III inalamula kuti ziyankhulo za eni nthaka zithe, patsale Chisipanya chokha. Dziko la Mexico litadziimira palokha mu 1821, atsogoleri ake anamanga fuko lawo pa Chisipanya chomwecho. Dzanja limene linakweza Nahuatl ndi lomwe linachigwetsa. Koma chiyankhulocho sichinafe, chifukwa eni ake anali atatenga zilembo n'kuzisandutsa zawo. M'midzi ankalemba okha mbiri zawo, milandu ya minda ndi makalata ogawira chuma chamasiye, ndipo azimayi anapitiriza kulera ana m'chiyankhulo chawo. Lero anthu oposa miliyoni imodzi ndi theka akuchiyankhula, ndipo lamulo la mu 2003 linachizindikira pamodzi ndi zinzake kuti ndi ziyankhulo za fuko.

Kuno nakonso mphepo yakhala ikutembenuka. Ulamuliro utasintha mu 1994, Chitumbuka chinabwerera pa wailesi, kenaka ziyankhulo zina zinatsatira. Chichewa Board inatha, ndipo mu 1996 ntchito yake inaperekedwa kwa Centre for Language Studies ya ku Yunivesite ya Malawi, imene inatulutsa Mtanthauziramawu wa Chinyanja mu 2000. Mu 1996 momwemo unduna unalamula kuti ana a Sitandade 1 mpaka 4 aziphunzira m'chiyankhulo cha kwawo, koma mu 2014 boma linalengeza kuti Chingerezi ndicho chikhale chophunzitsira kuyambira Sitandade 1. Pa zaka zosakwana 50, mwana wa ku Chileka wauzidwa zinthu zitatu zosiyana za chiyankhulo choyenera m'kalasi.

Palibe angakane kuti chigamulo cha 1968 chinabala zipatso, pakuti lero wamalonda wa ku Lirangwe amamvana ndi mnzake wa ku Karonga popanda womasulira. Palibenso angakane kuti ena chinawapweteka. Phunziro la ku Mexico ndi lakuti chiyankhulo chodalira chikalata cha boma chokha chili ngati nyumba ya pamchenga. Chimalimba pamene mphunzitsi wa ku Lirangwe akuonetsa ana kuti "ndidzakuphikirani" ndi mawu omangidwa mwaluso, pamene mlembi wa kwa mfumu akulemba za malire a munda m'mawu omveka kwa eni mundawo, ndi pamene mwana woyankhula Chiyao salangidwa chifukwa cha chiyankhulo chimene anayamwa kwa amake.