Maina a Madzi Oundana a pa Chisumbu cha Bouvet

Anthu a ku Chibanja, amene m'mwezi wa Juni amadzuka nkhungu itakuta bwalo la ndege la Mzuzu, nayesa kuti pansi pa thambo palibenso chisanu choposa chawo, akadamva za chisumbu cha Bouvet akadayamika Chauta chifukwa cha mbaula zawo. Chisumbucho chili chokhachokha pakati pa nyanja yamchere, makilomita pafupifupi 2,500 kumwera chakumadzulo kwa Cape Town, ndipo pafupifupi nthaka yake yonse, masikweya kilomita 49, inakwiririka ndi madzi oundana, amene pounjikana chaka ndi chaka pamwamba pa phiri lakale lamoto, amalemera kufikira atayamba kutsetsereka pang'onopang'ono ngati mtsinje, nagwera m'nyanja zibenthuzibenthu.

Mfalansa Bouvet de Lozier anachiona pa 1 Januwale 1739, tsiku limene Mpingo unkakumbukira mdulidwe wa Ambuye, natcha nsonga ya mtunda imene inamuonekera Cap de la Circoncision, ngakhale nkhungu inamuletsa kukocheza. Mu 1898 Ajeremani a m'chombo cha Valdivia, motsogozedwa ndi Carl Chun, anatcha mtsinje woundana wa kumpoto Posadowsky, polemekeza nduna imene inawapezera thandizo la boma, bwana amene phazi lake silinapondeko. Anthu a ku Norway, pofika ndi chombo cha Norvegia mu 1927, anagawa maina kwa mitsinje youndana yotsala: wina Horntvedt, dzina la woyendetsa chombocho, wina Christensen, mwinichuma wosaka anamgumi amene analipira ulendowo.

Mwambo umenewu ife sitiufunsa kwa wina, pakuti kuno kumpoto kwa Malawi azungu anatcha Chitimba kuti Florence Bay, Chilumba kuti Deep Bay, Chitipa kuti Fort Hill, ndi phiri la Chombe kuti Mount Waller. Koma akulu anati mlendo ndi mame. Eni nthaka sanaleke kutchula maina a makolo awo pamoto ndi pamadambwe a madzi, ndipo dzuwa la ufulu litatuluka, maina achilendowo anakamuka. Ku Bouvet kunalibe mfumu kapena gogo woti atsutse, koma mbalame ndi nyama za m'nyanja zokha, kotero kuti dzina loyamba kulembedwa pamapu ndilo linakhazikika. Britain atasiya kulimbirana chisumbucho ndi Norway mu 1928, Norway sanafafanize dzina la nduna ya Chijeremani ija. Anangoliveka mchira wa chinenero chawo, nalilemba Posadowskybreen.