Kubwezeretsa mtundu wakuda pa mfuti yakale ya mpweya

M'nyumba zina kumudzi kwathu, kuseri kwa kabati kapena kunsi kwa bedi, kumakhala mfuti ya mpweya imene agogo ankapirikitsira mbalame kumunda ndi makoswe kunkhokwe. Tikaiyang'anitsitsa mwina tipezapo dzina la BSA, kampani ya ku Birmingham ku England imene inayamba mu 1861, ndipo mfuti yake yotchuka ya Meteor inatuluka mu 1959. Ina ikhoza kukhala Diana ya ku Germany, imene ku South Africa inkagulitsidwanso pa dzina loti Gecado. Pamene inali yatsopano chitsulo chake chinali chakuda bii ndi chonyezimira. Lero chafiira ndi dzimbiri, ndipo wachinyamata wokonda ntchito zamanja amafuna kuchibwezera mwakale.

Pali mankhwala a m'botolo otchedwa cold blue amene amadetsa chitsulo popanda kuchiphika pamoto. Aliyense angathe kuwagwiritsa ntchito pakhomo, koma oyamba kumene ambiri amakhumudwa, mfuti ikatuluka yamawangamawanga kuposa mmene inalili. Kawirikawiri vuto silikhala la mankhwalawo. Limakhala la chitsulo chimene sichinakonzedwe bwino mankhwala asanapakidwe.

Tiyambe ndi kumvetsa kuti mtundu wakuda uja si penti. Kufakitale amamiza chitsulo m'madzi owira osakaniza ndi soda wa kositiki ndi michere ina, pa kutentha kwa madigiri pafupifupi 140. Pamwamba pa chitsulocho pamasanduka magnetite, amene ndi mbale wake wa dzimbiri. Onse awiri amapangika chitsulo chikakumana ndi okosijeni, koma dzimbiri lofiira limafufuma ndi kukakatuka pamene magnetite amamatirira zolimba. Njira imeneyi si yoyesera kukhitchini, chifukwa dontho limodzi la soda wowirayo likhoza kuboola khungu kapena kupha diso.

Cold blue amagwira ntchito mosiyana. Muli asidi wa selenium ndi mchere wa kopa, ndipo zikakhudza chitsulo choyera zimasiyapo kakhungu kakuda ka kopa wosakanikirana ndi selenium. Mayina odziwika ndi monga Perma Blue ndi Super Blue a kampani ya Birchwood Casey, komanso Oxpho-Blue wa Brownells, onse a ku America. Kakhungu kameneka n'kopyapyala kwambiri moti sikangabise chilema chilichonse. Pamene dzimbiri linakumba dzenje, dzenjelo lidzaonekabe. Kamafufutikanso msanga kuposa mtundu wa kufakitale, makamaka pamalo pamene dzanja limagwira pothyola mpope, ndipo paokha sikaletsa dzimbiri popanda mafuta.

Choncho tisanagule botolo tidzifunse ngati ntchitoyi ikufunikadi. Dzimbiri likakhala la pamwamba chabe, timadontheza mafuta a makina n'kupukuta pang'onopang'ono ndi steel wool wofewetsetsa, wa nambala 0000. Nthawi zambiri dzimbirilo limachoka n'kusiya mtundu wakale uli bwino ndithu. Sitiliwaya wotsukira mapoto ndi wokhakhala, amasiya zipsera, ndiye asayandikire. Tikumbukirenso kuti osonkhanitsa mfuti zakale amalipira zambiri pa imene ili ndi mtundu wake woyamba, ngakhale utafufutika, kuposa imene wina anaipaka. Ndipo ngati mfutiyo ndi ya bambo kapena malume, tipemphe kaye, chifukwa mtundu wakale ukapalidwa subwereranso.

Chachiwiri ndi kudziwa mtundu wa chitsulo. Mankhwalawa amagwira pa chitsulo wamba basi. Pa aluminiyamu, zinki, buronzi ndi chitsulo chosachita dzimbiri sagwira. Maginito amathandiza apa. Chigawo chimene maginito akukana tichiike pambali.

Tsopano za ngozi, zimene zilipo ziwiri. Yoyamba ndi mfutiyo. Tithyole mpope pang'ono, tisuzumire poloza kuwala kuti titsimikize kuti mulibe chipolopolo, ndipo tionetsetse kuti si yotchera. M'kati mwa mfuti yothyola muli sipuling'i yaikulu imene imakhala yopanikizika ngakhale mfutiyo isanatcheredwe. Munthu akatsegula kumbuyo popanda chida chopanira, zitsulo zimathamanga ndi mphamvu yotha kuthyola mano kapena kuboola diso. Woyamba kumene asatsegule chigawo chimenechi. N'zokwanira kuchotsa thabwa, limene pa mfuti zambiri limagwidwa ndi masikulu awiri kutsogolo ndi ina pansi pafupi ndi chowombera. Ngozi yachiwiri ndi mankhwalawo, amene ndi poizoni. Tigwire ntchito pakhonde kapena pena podutsa mphepo, titavala magolovesi a labala ndi magalasi oteteza maso, kutali ndi chakudya komanso ana.

Tikachotsa thabwa, titseke mpope mbali zonse ziwiri ndi timitengo tosema bwino. Titsekenso kabowo kamene mpweya umatulukira kuchoka mu silinda kulowa mu mpope. Madzi kapena asidi zikalowa m'menemo zimayambitsa dzimbiri pamalo pamene sitingafikepo. Kachikopa kapena kalabala kozungulira pakamwa pa mpope tikachotse kapena tikaphimbe ndi tepi.

Ntchito yeniyeni ndi yopala ndi kutsuka, ndipo imatenga nthawi yochuluka kuposa zina zonse. Ngati tikukonza kachigamba kakang'ono, timayeretsa pamenepo pokha. Ngati ndi mpope wonse, mtundu wakale uyenera kuchoka wonse kuti watsopano udzafanane. Viniga wa kukhitchini amauchotsa tikakulunga chitsulo m'nsalu yonyowetsedwa naye, kenako n'kutsuka ndi madzi ndi kuumitsa. Tikatero timapala ndi sandipepa wa nambala 400, kenako 600, tikuyendetsa dzanja mbali imodzi yokha. Pamalo athyathyathya tikulunge sandipepayo pa kathabwa kuti makona asabulungike. Pamene pali zilembo ndi nambala ya mfuti tidutsepo mopepuka. Nambalayo ndiyo chizindikiro cha mfutiyo, ndipo mfuti yofufutika nambala imadzutsa mafunso kwa apolisi.

Mmene chitsulo chikuonekera tikamaliza kupala ndi mmenenso chidzaonekere chikada. Chosalala chidzanyezimira, chokandika chidzaonetsa mizere yake yonse.

Kenako tichotse mafuta onse. Apa m'pamene ambiri timalakwitsa. Chala chimodzi chikakhudza chitsulo chimasiya mafuta okwanira kuti mankhwala akane pamenepo, ndipo chidindo cha chalacho chimaonekera poyera. Titsuke ndi madzi otentha ndi sopo wa mbale, kenako tipukute ndi acetone kapena sipiriti pa nsalu yoyera, kawiri kapena katatu. Zonse ziwirizi zimayaka msanga, choncho pasakhale mbaula kapena kandulo pafupi. Steel wool nayenso amabwera ndi mafuta oteteza dzimbiri kuchokera kufakitale, ndiye timuviike kaye mu acetone. Pofuna kuyesa, tithire madzi pa chitsulocho. Akayala monsemonse mofanana ndiye kuti chayera, koma akamapanga timadontho mafuta akadalipo. Kuyambira pamenepa tisachigwirenso popanda magolovesi.

Tisanakhudze mfuti tiyesere pa bawuti yakale kapena sipanala yadzimbiri. Pamenepo m'pamene dzanja limaphunzira liwiro loyenera, ndipo tikalakwitsa palibe chotayika.

Chitsulo chofunda chimalandira mankhwala bwino, choncho tichiike padzuwa mpaka chifunde koma chogwirika. Tithire mankhwala pang'ono m'kachitini ka pulasitiki. Tisaviike thonje logwiritsidwa kale ntchito m'botolo, chifukwa limaononga mankhwala onse otsala. Tipake ndi thonje kuchoka kunsonga imodzi kukafika kwina mosaima, popeza pamene dzanja laima pamatsala mzere. Chitsulo chimada nthawi yomweyo. Tidikire monga mwalembedwera pa botolo, nthawi zambiri masekondi 30 mpaka mphindi imodzi. Kusiya nthawi yaitali sikuwonjezera kuda, kumangolola asidi kudya chitsulo. Titsuke ndi madzi ozizira, tiumitse, n'kupukuta mopepuka ndi steel wool.

Ulendo woyamba mtundu umaoneka wotuwa ndi wosafanana, ndipo zimenezi zisatifooketse. Tipukutenso ndi sipiriti n'kubwereza. Kupaka kopyapyala katatu kapena kanayi kumaposa kupaka kochindikala kamodzi. Nthawi zina mpope ndi silinda zimatuluka mitundu yosiyana pang'ono chifukwa zitsulo zake sizofanana. Pena pakakanitsitsa ndiye kuti patsala mafuta kapena mtundu wakale, ndipo mankhwala ake ndi kubwerera ku sandipepa.

Tikakhutira, titsuke komaliza ndi madzi ambiri kuti asidi yense achoke, tiumitse bwinobwino makamaka polumikizira, n'kupaka mafuta ochuluka mosachedwa. Chitsulo chongodetsedwa kumene chikagona chopanda mafuta, m'mawa chimakhala chitafiira. Tichisiye ndi mafutawo maola 24 tisanapukute ndi kubwezera thabwa. Koma mafuta asalowe m'kabowo ka mpweya kaja. Sipuling'i ikakankha, mpweya umapanikizika n'kutentha kwambiri moti mafuta amayaka monga zimachitikira mu injini ya dizilo, ndipo kuphulikako kumaononga sipuling'i ndi zotsekera mpweya.

Thonje, nsalu ndi magolovesi zimene tagwiritsa ntchito tizimange m'jumbo n'kutaya kumene ana ndi ziweto sangafike. Madzi otsukira asathiridwe pafupi ndi chitsime, mjigo kapena dimba la ndiwo. Botolo likhale lotseka bwino, pamwamba, ndi pepala lake lomwe. Tisalisamutsire m'botolo la zakumwa, chifukwa madzi ake obiriwira ngati thambo akhoza kukopa mwana.

Mfuti ya mpweya ndi mfuti ndithu, ndipo malamulo ake amasiyana dziko ndi dziko. Tisanayende nayo pamsewu tikafunse kupolisi, ndipo kumalo ogona ophunzira isabwere n'komwe. Ntchitoyi ndi ya kunyumba pa tchuthi. Ikatha, chotsala n'chizolowezi chaching'ono: nthawi iliyonse tikaigwira, makamaka m'nyengo ya mvula, tiipukute ndi kansalu ka mafuta tisanaisunge pamalo ouma ndi okiya.