Alowam'malo a Chisipanishi si achilendo kwa olankhula Chichewa

Chisipanishi ndi chilankhulo cha boma m'mayiko pafupifupi 20, kuphatikizapo Spain, Mexico, Argentina ndi Equatorial Guinea kuno ku Africa. Phunziro limodzi loyambirira m'chilankhulochi ndi la alowam'malo oyimira mwininkhani, ndipo wolankhula Chichewa amaliyamba ali ndi poyambira, chifukwa malamulo ake awiri akuluakulu amawadziwa kale.

Alowam'malowo ndi awa. Mawu akuti "yo" ndi ine, "tú" ndi iwe, pomwe "usted" ndi inu waulemu wonena munthu mmodzi. Iye wamwamuna ndi "él", wamkazi ndi "ella". Ife ndi "nosotros" kapena "nosotras", iwo ndi "ellos" kapena "ellas". Apa ndi pomwe pali kusiyana, popeza Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mawu akuti iye. M'Chisipanishi, gulu la akazi okhaokha ndi "ellas", koma mukakhala mwamuna ngakhale mmodzi m'gululo, limatchedwa "ellos".

Lamulo loyamba ndi lakuti mlowam'malo kawirikawiri satchulidwa. M'Chichewa, wonena kuti "ndikulankhula" safunikanso kunena kuti ine, chifukwa "ndi-" wanena kale. Chisipanishi chimachita chimodzimodzi, kungoti chizindikirocho chimakhala kumapeto kwa mneni. "Hablo" ndi ndikulankhula, "hablas" ndi ukulankhula, ndipo "hablamos" ndi tikulankhula. Mawu akuti "yo" amawonjezeredwa potsindika kapena posiyanitsa anthu, monga mmene munthu anganenere kuti "ine ndikupita, iwe utsale". Wophunzira amene anazolowera Chingerezi, chomwe chimafuna mlowam'malo pafupifupi m'chiganizo chilichonse, amachulutsa "yo" mpaka kumveka ngati wodzitama.

Lamulo lachiwiri ndi la ulemu. "Tú" amalankhulira mwana, mnzake kapena m'bale, pomwe "usted" ndi wa akuluakulu, abwana kapena mlendo. Kusankha molakwika pa mafunso a ntchito kungapereke chithunzi cha mwano, monga zimakhalira munthu akanena kuti iwe kwa apongozi. "Usted" anachokera ku mawu akale akuti "vuestra merced", omwe ankalemekezera anthu audindo, n'chifukwa chake amayenda ndi mneni wa "él" ndi "ella". Izi zikufanana ndi mwana wofunsa bambo ake maso ndi maso kuti "Kodi bambo adzuka bwanji?"

Komabe kagwiritsidwe ntchito kamasiyana malinga ndi dera. Ku Spain, anzako ambiri amatchedwa "vosotros" kapena "vosotras", pomwe "ustedes" ndi waulemu. Ku Latin America "vosotros" samveka pocheza, ndipo "ustedes" amaimira gulu lililonse. Ku Argentina ndi Uruguay anthu amati "vos" m'malo mwa "tú", pomwe ku Costa Rica ndi madera ena a Colombia "usted" amamveka ngakhale pakati pa anthu a banja limodzi.

Polemba, kachizindikiro ka pamwamba pa lembo sikoiwala. "Tú" ndi iwe, koma "tu" ndi wako. "Él" ndi iye, koma "el" ndi mawu otsogolera dzina. Pokumana ndi munthu wachikulire wosamudziwa, njira yosalakwika ndi kuyamba ndi "usted", kufikira mwiniwakeyo atanena kuti "tú" ndi wokwanira.