ULENDO WA ENOCK MWEPU: KUCOKERA KU CHAMBISHI KUFIKA KU BRIGHTON

Pa 10 Okutobala 2022 timu ya mpira wa miyendo ya Brighton & Hove Albion ya ku England inalengeza nkhani imene inaziziritsa nkhongono anthu ambiri m'dziko lathu lino. Enock Mwepu, amene pa nthawiyo anali kaputeni wa Chipolopolo, analeka kusewera mpira ali ndi zaka 24 zokha. Sanathyoke mwendo, sanayambane ndi akuluakulu a timu, ndipo luso lake silinacepe. Madokotala anapeza kuti ali ndi nthenda ya mtima ya kumtundu, ndipo anamucenjeza kuti akapitiriza kuthamanga m'bwalo, tsiku lina akhoza kugwa osadzukanso.

Kuno kwathu kwa Bundabunda, monga m'midzi yonse ya m'mbali mwa mseu wa Great East, sukulu iliyonse ili ndi bwalo la mpira. Ana athu amayamba ndi cimpombwa, ndipo akasinkhuka amapita ku magolosale Loweruka masana kukaonera ligi ya ku England pa wailesi ya kanema. Ambiri a iwo akafunsidwa cimene afuna kudzakhala akakula, amachula maina a Mwepu ndi Patson Daka. Motero n'koyenera kuti ife makolo tiudziwe bwino ulendo wa mnyamata ameneyu, kumene unayambira, m'mene unayendera ndi m'mene unathera, kuti polangiza ana athu tizinena zinthu zimene tikuzidziwa.

Nchito ya wosewera pakati

M'timu ya anthu 11 muli wa pagoli, ochinga kumbuyo, osewera pakati ndi omwetsa zigoli kutsogolo. Cigoli cikalowa, anthu amaombera m'manja amene wagoletsa, koma odziwa mpira amayang'ana kumene mpirawo unacokera. Wosewera pakati ndiye amalanda mpira kwa adani, ndiye amathandiza ochinga akapanikizika, ndiyenso amapatsira a kutsogolo. Cifukwa ca ici amathamanga kwambiri kuposa anzake, ndipo m'maligi akuluakulu kawirikawiri amapitirira makilomita 10 m'mphindi 90. Nchito yotere imafuna maso akuthwa, mutu woganiza msanga ndi mtima wamphamvu. Mwepu anam'patsa dzina loti "Computer" cifukwa ankaoneratu kumene mpira uyenera kupita anzake asanaganize.

Acikulire adzakumbukira kuti Zambia inali nayenso wosewera pakati wina wochuka, Charles Musonda, amene anacoka ku Mufulira Wanderers kupita ku Belgium, nasewera ku Cercle Brugge ndi ku Anderlecht. Iye anali m'gulu lija linagonjetsa Italy ndi zigoli 4 kwa 0 pa masewera a Olympics mu 1988. Koma bondo linamuvuta kwa zaka zambiri, ndipo linam'cotsa m'bwalo nthawi yake isanakwane. Tikuchula zimenezi poyamba kuti tione kuti mpira ndi nchito ya thupi, ndipo thupi silicita pangano ndi munthu.

M'mera mpoyamba

Enock Mwepu anabadwa pa 1 Januwale 1998, ndipo anakulira ku Chambishi, tauni yaing'ono ya migodi ku Copperbelt. Timu imene inamukuza ndi Kafue Celtic, yomwenso inakuza Patson Daka. Anapitako ku Power Dynamos ku Kitwe, koma kumeneko sanapeze mpata wokwanira wosewera, ndipo pambuyo pake anabwera ku NAPSA Stars ku Lusaka. Wina akadagwa mphwayi pokhala pa benci ku timu yaikulu, koma iye anasankha kupita kumene angasewere ndi kuonedwa.

Caka ca 2017 ndico cinam'tsegulira zitseko. Zambia inalandira mpikisano wa mu Africa wa anyamata osapitirira zaka 20, ndipo pa 12 Marichi, pa bwalo la National Heroes ku Lusaka, anyamata a mphunzitsi Beston Chambeshi anagonjetsa Senegal 2 kwa 0 natenga cikho. Anagoletsa ndi Patson Daka ndi Edward Chilufya. Patapita miyezi iwiri gulu lomwelo linapita ku South Korea ku mpikisano wa dziko lonse. Kumeneko linagonjetsa Portugal ndi Iran, kenaka linacotsa Germany ndi zigoli 4 kwa 3, ndipo cimodzi mwa zigolizo cinali ca Mwepu. Italy ndiyo inatiimitsa pa ndime ya matimu 8 otsala. Mu Seputembala caka comweco Mwepu anavala malaya a timu ya akuluakulu, nagoletsa pamene Chipolopolo inagonjetsa Algeria 3 kwa 1 ku Lusaka.

Sukulu ya ku Austria

Mu Juni 2017 Red Bull Salzburg ya ku Austria inamugula. Anthu ena anadabwa kuti cifukwa ciani sanapite ku England kapena ku Spain nthawi yomweyo. Koma Salzburg ili ndi mbiri yotenga anyamata aang'ono, kuwaphunzitsa ndi kuwagulitsa akakhwima. Sadio Mané wa ku Senegal ndi Naby Keïta wa ku Guinea anadzera komweko asanafike ku Liverpool. Poyamba Mwepu anamubwereketsa ku FC Liefering, timu ya m'ligi yaciwiri imene Salzburg imakuziramo anyamata ake. Kumeneko anazolowera cisanu, cakudya ca cilendo, cinenero ca Cijeremani ndi mpira wothamanga wa ku Ulaya, kutali ndi maso a anthu ambiri.

Ku Salzburg anakhala zaka zinai. M'zaka zonsezo Salzburg inatenga ligi ya Austria, ndipo katatu inatenganso cikho ca dzikolo. Anasewera mu Champions League pamodzi ndi Daka komanso Erling Haaland wa ku Norway. Akuluakulu anati tsokonombwe anatha mtunda n'kudumpha. Kucoka ku Kafue kufika ku Salzburg, kucoka ku Liefering kufika ku Champions League, unali ulendo wa kadumphe kadumphe, ndipo pa malo alionse panali cimene anaphunzira.

Miyezi khumi ndi isanu ku England

Mu Julayi 2021 Brighton, imene inali m'manja mwa mphunzitsi Graham Potter, inamusainitsa pangano la zaka zinai. Mtengo wake sunalengezedwe, koma manyuzipepala a ku England ananena za mapaundi pafupifupi 18 miliyoni. Masiku omwewo Daka anapita ku Leicester City, ndipo anyamata awiri a ku Kafue Celtic anapezeka mu Premier League nthawi imodzi.

Pa 30 Okutobala 2021, pa bwalo la Anfield, Brighton inali itamwa kale zigoli ziwiri pamene Mwepu anaponya mpira ali patali, nudutsa pamwamba pa wa pagoli wa Liverpool ndi kugwera mu ukonde. Masewerawo anatha 2 kwa 2. Mu Epulo 2022 anapatsira cigoli cimodzi nagoletsa cina pamene Brighton inagonjetsa Arsenal 2 kwa 1 ku London. Pa 4 Seputembala 2022 anakumana ndi mnzake Daka, Brighton nipambana Leicester 5 kwa 2. Palibe amene anadziwa tsiku limenelo kuti ndiwo masewera ake otsiriza ku timuyo.

Mwezi womwewo, pa ulendo wopita ku Mali kukasewera ndi Chipolopolo, anadwala m'ndege, ndipo anagonekedwa m'cipatala ku Bamako. Atabwerera ku England anamupima mwatsatanetsatane, ndipo ndi pamene nthenda ija inadziwika. Masewera onse amene anasewera ku Brighton ndi 27.

Nthenda yosaoneka ndi maso

Ambiri anafunsa kuti, kodi munthu wamphamvu cotere, amene madokotala a ku Austria ndi ku England anamupima asanamugule, angapezeke bwanji ndi mtima wodwala? Yankho ndi lakuti nthenda zina za mtima zimene munthu amabadwa nazo zimabisala kwa zaka zambiri, ndipo zimayamba kuonekera munthu atakula. Mtima wotero ukakakamizidwa kugwira nchito yaikulu, kugunda kwake kumasokonezeka, ndipo ukhoza kuima mwadzidzidzi.

Zimenezi zinacitikapo. Pa 26 Juni 2003 Marc-Vivien Foé wa ku Cameroon, nayenso wosewera pakati, anagwa pakati pa bwalo ku Lyon m'dziko la France, namwalira tsiku lomwelo. Mu Ogasiti 2007 mwana wathu Chaswe Nsofwa anagwa ndi kumwalira pa masewera okonzekera ku Israel, kumene ankasewerera Hapoel Be'er Sheva. Mu Juni 2021 Christian Eriksen wa ku Denmark anagwa dziko lonse likuona, ndipo anapulumuka cifukwa madokotala ndi makina odzutsira mtima anali pafupi. Tikaganizira maina amenewa, tiona kuti uthenga wowawa umene Mwepu analandira ndiwo unasunga moyo wake. Iye anamvera madokotala, ngakhale kuti pangano lake linali ndi zaka pafupifupi zitatu zotsala. Dzedzere-dzedzere salingana n'kugweratu: mu Disembala 2022 Brighton inam'patsa nchito yophunzitsa ana osapitirira zaka 9 m'sukulu yake ya mpira.

Malamulo amene makolo ayenera kudziwa

Kusamuka kwa wosewera kucoka m'dziko lina kupita ku lina kuli ndi malamulo a bungwe la FIFA, ndipo atatu mwa iwo akutikhudza ife a kumidzi.

Loyamba ndi la msinkhu. Mwana wosakwana zaka 18 saloledwa kusamutsidwa kupita ku timu ya dziko lina, kupatula pa zifukwa zowerengeka, monga ngati makolo ake asamukira kumeneko pa nchito yosakhudzana ndi mpira. Lamuloli ndi lolimba, kotero kuti Barcelona mu 2014 ndi Chelsea mu 2019 analangidwa cifukwa coliphwanya. Mwepu anapita ku Austria ali ndi zaka 19. Motero munthu akabwera pakhomo panu ndi kunena kuti atenga mwana wanu wa zaka 15 kupita naye ku Ulaya, muyenera kukayika pomwepo.

Laciwiri ndi la ndalama za olera. Wosewera akagulitsidwa ku dziko lina, magawo 5 mwa magawo 100 a mtengo wake amagawidwa kwa matimu onse amene anamuphunzitsa kuyambira zaka 12 kufikira zaka 23. Pa mtengo wa mapaundi 18 miliyoni, gawo limeneli ndi mapaundi 900,000, ndipo timu iliyonse imalandira molingana ndi zaka zimene inamusunga. Koma amalandira ndi matimu okhawo amene analembetsa mwanayo ku bungwe la mpira la dziko, lomwe kwathu kuno ndi FAZ. Timu ya m'mudzi imene imasewerera mbuzi pa Krisimasi, koma yosalembetsa, ilibe umboni wakuti inalera aliyense. Aphunzitsi ndi a makomiti a mpira m'madera mwathu aliganizire bwino lamuloli. Ifenso makolo tisamale zikalata za kubadwa za ana athu, ndipo tisalole munthu kusintha zaka zao, pakuti bodza lotero limatsata mwana kulikonse kumene apita.

Lacitatu ndi la amkhalapakati, amene amachedwa maejenti. Kuyambira mu 2023 FIFA imafuna kuti ejenti akhale ndi cilolezo cake. Timu yeniyeni ikafuna kuyesa mnyamata imalemba kalata ku timu yake, ndipo siuza makolo kuti agulitse ng'ombe kapena cimanga ca m'nkhokwe. M'maiko ambiri a mu Africa muli mabanja amene anapereka cuma cao conse kwa anthu onyenga, ana ao nakasiyidwa m'mizinda ya cilendo opanda timu, opanda mapepala, ndi manyazi obwerera kwao. Safunsa anadya phula. Funsani ku FAZ musanapereke ngwee imodzi.

Cotsala m'manja

Mwepu anasewera ku Ulaya zaka zisanu zokha, ngakhale kuti anali mmodzi mwa anyamata aluso koposa amene dziko lino labala. Ngati wotere anaima pa zaka 24, nanga mwana amene wasiya sukulu mu Giredi 9 cifukwa ca mpira adzatsamira pati bondo likadzakana? Sitikunena kuti tiwaletse kusewera, pakuti mpira umalimbitsa thupi, umaphunzitsa kumvera ndi kugwirizana, ndipo umacotsa anyamata ku mowa ndi camba. Tikunena kuti buku ndi mpira ziyendere pamodzi, ndipo mphunzitsi wa timu amene auza mwana kuti ajombe ku sukulu sakumufunira zabwino.

Tiyang'anenso thanzi lao. Mwana akakomoka pothamanga, akamadandaula kupweteka m'cifuwa, akamapuma movutika kuposa anzake, kapena ngati m'banja munamwalirapo wacinyamata mwadzidzidzi popanda cifukwa codziwika, tisathamangire kunena kuti walodzedwa ndi timu ya mudzi wina. Tipite naye ku cipatala, tiwauze a dokotala mbiri ya banja lathu, ndipo tipemphe kuti amupime mtima. Popeza nthenda zotere zimayenda m'magazi, abale ake a mimba imodzi ayenera kupimidwanso. Ndipo dokotala akanena kuti mwana aleke mpira, ife makolo tikhale oyamba kumulimbitsa mtima kuti amvere, monga anamvera kaputeni wa dziko lonse pamene ndalama ndi ulemu zinali kumuitana kuti abwerere m'bwalo.