Thangata wa m'kompyuta: nthawi yosamuka yakwana

Kwa Khwethemule, ngakhalenso madera ena a m'boma la Thyolo, nkhani yokhala pa malo a eni ake sitichita kuiwerenga m'mabuku. Agogo athu adaiona ndi maso. Nthawi ya thangata munthu ankamanga nyumba ndi kudzala nthochi pa malo amene mwini esiteti akanatha kumuchotsapo tsiku lina lililonse. Thangata adatha kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960, koma phunziro lake lidakalipo: pa malo a mwini, mawu otsiriza ndi a mwiniyo.

Mwina mukudabwa kuti zikukhudzana bwanji ndi kompyuta. Taimani ndikuuzeni. Masiku ano mlembi wa kalabu ya alimi a tiyi, mphunzitsi wamkulu wa sekondale yoyendera ngakhale kalaliki wa parishi, onse ntchito yawo yagona pa mapulogalamu awiri. Ina ndi yotsegulira masamba a pa intaneti, yomwe azungu amati browser. Inayo ndi yolandirira ndi kutumizira makalata a imelo. Mitengo ya tiyi wamuwisi, ndandanda ya malipiro a alimi, makalata a mabungwe othandiza, mafomu ofunsira malo a sukulu, zonse zimadzera pa makomo awiri amenewa. Funso langa n'lakuti: makomo amenewa ndi a yani?

Ambirife timangogwiritsa ntchito zomwe tidazipeza m'makinamo tsiku logula. Paja kompyuta zathu zambiri ndi za kaunjika, zidatopa kale m'maofesi a ku Ulaya kapena ku Joni. Tsono taonani zomwe eni mapulogalamu akhala akuchita. Outlook Express, yomwe alembi ambiri adaphunzirirapo imelo, idathera pa Windows XP, ndipo XP-yo kampani ya Microsoft idaleka kuisamalira mu 2014. Windows 7 idatayidwa mu 2020. Internet Explorer adaiika m'manda mu June 2022. Pulogalamu ya Mail yobwera ndi Windows idasiyidwa kumapeto kwa 2024, ndipo Windows 10 nayo nthawi yake yoikika idakwana mu October 2025. Kodi alipo adabwera kudzafunsa maganizo a anthu a kwa Khwethemule? Ayi ndithu. Mwini malo akati samukani, mumangomanga katundu.

Sindikunena kuti makampaniwa ndi mbava. Ali pa malonda, ndipo wamalonda amafuna mugule chatsopano. Vuto ndi lakuti chatsopanocho amagulitsa pa madola, pomwe kwacha yathu idagwa ndi 44 peresenti tsiku limodzi mu November 2023. Mapeto ake n'chiyani? Anthu amathamangira kwa anyamata a m'tauni kukawaikira mapulogalamu akuba. Kumeneko ndi kuphwanya lamulo la kukopera, komanso ndi kuitanira mavairasi m'nyumba. Ena amangokakamira pulogalamu yakale yomwe mwini wake adaleka kuikonza. Imeneyo ili ngati chitseko chothyoka loko: chimatsekeka bwinobwino, koma wakuba aliyense akudziwa pokankha.

Njira ina ilipo, ndipo si yachilendo. Mu 1998 kampani ya Netscape, itaona kuti Internet Explorer yaipanikiza pa msika, idachita chinthu chodabwitsa: idaika poyera malemba onse opangira browser yake kuti aliyense awaone, awakonze ndi kuwagawa. Pamenepo ndi pomwe padaphukira Mozilla, yomwe idakhala bungwe losafuna phindu mu 2003. Mu November 2004 idatulutsa Firefox, ndipo mwezi wotsatira idatulutsa Thunderbird, pulogalamu ya makalata. Nthawi imeneyo anthu oposa 90 mwa 100 alionse a pa intaneti ankadzera pa Internet Explorer. Kunali ngati chipani chimodzi, ndipo ife amene tidaponya voti pa 14 June 1993 tikudziwa kukoma kwa kukhala ndi posankha.

Mapulogalamu otere amawatcha open source. Kusiyana kwake kuli ngati kwa mbewu ya makolo ndi mbewu yogula chaka ndi chaka. Ya makolo mumasunga, mumagawira mnansi, palibe wokuimbani mlandu. Firefox ndi Thunderbird mungazikopere pa fulashi imodzi n'kukaziika m'makompyuta khumi, lamulo likulola. Ndipo kwathu kuno izi si nthano: makina ogusa ndi chala aja amene bungwe la Baobab Health lidabweretsa m'zipatala zathu adamangidwa pa mapulogalamu a mtundu womwewu.

Koma phindu lenileni kwa munthu wa kumudzi lili pati? Tiyambe ndi makalata. Ambiri amawerengera imelo pa browser, kutanthauza kuti kalata iliyonse imakhala kutali, m'makina a kampani. Netiweki ikathawa, monga imachitira kuseri kwa mapiri athuwa, kapena bandulo ikatha, mlembi sangaone ngakhale kalata yomwe adaiwerenga dzulo. Thunderbird imakoka makalatawo n'kuwasunga m'kompyuta mwanu. Mutha kuwawerenga, kufufuza ya chaka chatha, kulemba mayankho khumi popanda intaneti, kenako n'kulumikiza mphindi zochepa kuti onse apite. Tangoganizani tsiku la malipiro, alimi ali pa mzere, pabuka mkangano pa mtengo womwe fakitale idalonjeza, ndiye netiweki palibe. Akuluakulu adati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo.

Adiresi yanu sisintha. Ngati muli pa Gmail kapena Yahoo, Thunderbird imalumikizana nazo, ndipo maadiresi angapo mutha kuwaika pamodzi. Chinanso, siitsegula yokha zithunzi zokoka kunja zomwe amalonda amabisa m'makalata pofuna kudziwa ngati mwawerenga. Apo mwapulumutsa bandulo ndi chinsinsi chomwe. Kuyambira 2024 iliponso ya pa foni za Android.

Nayo Firefox kuyambira 2019 imatsekereza yokha tizipangizo tambiri totsata mapazi anu pa intaneti. Mukawonjezerapo kapulogalamu kotchedwa uBlock Origin, zotsatsa malonda zija zodya bandulo ngati anankafumbwe zimachepa kwambiri. Ndipo pamene Chrome idasiya makompyuta a Windows 7 kumayambiriro kwa 2023, Firefox idapitiriza kuwatumizira zigamba za chitetezo kwa zaka zina ziwiri ndi kupitirira. Kwa ife a kaunjika, chimenecho si chinthu chaching'ono.

Pali nkhani ya chinenero. Popeza malemba ake ali poyera, aliyense ali ndi ufulu womasulira. Mu 2014 nyuzipepala ya The Economist idalemba kuti omasulira mapulogalamu a Mozilla m'Chichewa adatcha masamba omwe makina amasunga kuti adzawatsegule msanga mawa kuti "mfutso wa tsamba". Mayi aliyense amene adayanikapo nkhwani pa mphasa amva msanga kuposa wa digiri. Ntchito yotereyi imadikira anthu odzipereka, ndipo ophunzira a pa MUST, yomwe idatsegulidwa mu 2014 konkuno ku Thyolo, angaigwire atafuna.

Ndisakunamizeni kuti ndi mankhwala a nthenda zonse. Firefox pa Windows yomwe idatayidwa ili ngati loko yatsopano pa nyumba yogumuka khoma. Makina otere amafunika kuwaikira Linux, yomwenso ndi yaulere. Masamba ena amapangidwa poganizira Chrome yokha ndipo amavuta, choncho browser yakaleyo musaifufute ngati eni ake akadaisamalira. Dziwaninso kuti ndalama zambiri za Mozilla zimachokera ku Google, yomwe imalipira kuti anthu azifufuzira pa iyo. Ena amaseka kuti kumeneko n'kuthawa mvula n'kukabisala m'madzi. Ali ndi mfundo. Komabe kusiyana kulipo: Mozilla itagwa mawa, malemba a mapulogalamu ake atsala m'manja mwa anthu, ndipo makalata anu atsala m'makina mwanu, osungidwa m'njira yomwe mapulogalamu ena amatha kuwerenga.

Kusamuka kwake ndi ntchito ya masana amodzi. Tengani mapulogalamuwa pa mozilla.org ndi thunderbird.net basi, osati pa masamba achilendo olonjeza zaulere. Mmodzi akoke ali pa netiweki yabwino, pa boma kapena ku Luchenza, agawire anzake pa fulashi. Firefox ikufunsani ngati mukufuna kusamutsa masamba omwe mudasunga ndi mapasiwedi anu, vomerani. Thunderbird ifuna dzina, adiresi ndi pasiwedi, zotsalazo nthawi zambiri imapeza yokha. Pakutha pa mwezi uliwonse koperani foda ya makalata pa fulashi ina, muisunge mu kabati momwe mumasunga buku la ndalama. Ndipo makina akapempha kukonzedwa ndi zigamba zatsopano, musakane chifukwa choumira bandulo. Kuumira kumeneko n'komwe kumalowetsa akuba.

Wina anena kuti, aaa, ife zonse timathera pa WhatsApp. Zoona, moni ndi mauthenga a maliro zimayenda bwino kumeneko. Koma foni ikagwera mu mtsinje kapena mlembi akasamuka nayo, mbiri ya bungwe lonse imapita naye. Mgwirizano wa malonda umafuna kalata yokhala ndi tsiku, yopezeka ngakhale patapita zaka zisanu.

Tsono inu apampando a makalabu, akomiti a sukulu ndi akulu a mipingo, pa msonkhano ukubwerawu muwafunse alembi anu mafunso awiri. Kodi pulogalamu yomwe tikudalira, eni ake akadaisamalira? Nanga intaneti itazima sabata yathunthu, makalata athu tingawaone? Akayamba kukanda m'mutu, musawakalipire. Agulireni fulashi ndi bandulo ya tsiku limodzi, ayambepo.